Zikomo nonse, malume athu sanatchone ayi

Abale ndi alongo, ndabwera kudzathokoza. Kwa chaka ndi miyezi ndakhala ndikukuvutitsani ndi funso limodzi, la munthu amene anachoka kwathu ku Dedza mu 1941 osabwereranso. Munthuyo ndi mlongo wawo wa agogo anga aakazi, malume a mayi anga. Lero ndikukuuzani kuti tawapeza. Manda awo kulibe, koma dzina lawo lilipo, linazokotedwa pamwala ku Myanmar, dziko lomwe kale linkatchedwa Burma.

Kumudzi dzina la malumewa linkatchulidwa monong'ona. Anapita ku minda ya tiyi ku Thyolo kukasaka ndalama ya msonkho, ndipo patatha miyezi ingapo kunangoti zii. Anthu anati atchona. Ena ankati ali ku Joni, ena ku Salisbury, akuti anakwatira komweko n'kuiwala kwawo. Mukudziwa kuti kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye munthu wotero akachoka osacheukanso, chitonzo chimagwera banja lonse. Mnyamata akachedwa kutumiza kangachepe kumudzi ankauzidwa kuti asatengere mtima wa uje. Inenso mawu amenewo ndinawanenapo kwa mng'ono wanga, ndipo lero akundiwawa.

Agogo okha ndiwo ankakana. Alongo awo pochoka, agogowo anali ndi zaka 7. Mu 1946, asilikali a Keyala (King's African Rifles) akubwerera kwawo kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, bambo wina wa mudzi woyandikana nafe ananena kuti anawaona malumewo ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, atavala yunifolomu. Akuluakulu sanazitengere, poti obwera kunkhondo ankasimba zinthu zambiri zimene anthu akumudzi sankatha kuzimvetsa. Koma kamtsikana kaja kanasunga mawuwo. Mayi awo anamwalira asanalire maliro a mwana wawo. Achibale atanena kuti aike thunthu la nthochi m'manda kuti nkhani ithe, iwo anakana, nati mwana wosamuona mtembo samulira.

Chaka chatha agogo anadwala kwambiri. Atapezako bwino anandiitana nati, “Mdzukulu wanga, iwe sukulu unapita. Kandifunire alongo anga m'mabuku a azungu.” Ndinavomera chifukwa cha ulemu, mumtima ndilibe chiyembekezo chilichonse.

Mphunzitsi wina wopuma pantchito ndiye anandilozera ku Zomba, ku National Archives, kumene amasunga zikalata zakale za boma ndi manyuzipepala. Aphunzitsi, zikomo. Ulendo woyamba ndinatha masiku awiri ndikutsegula Nyasaland Times ya zaka za nkhondo. Mapepala ake ndi ofiirira, ouma ngati masamba a fodya, ofunika kuwatembenuza ndi manja awiri. Ndinawerenga za mitengo ya fodya ndi tiyi, za misonkhano ya azungu ku Blantyre ndi Limbe, za maofesala achizungu ovulala ndi okwezedwa maudindo, aliyense ndi dzina lake lonse. Anyamata athu ankangotchulidwa ngati gulu. Zinandipweteka, chifukwa amene ankanyamula mfuti ndi katundu m'matope anali iwowo. Ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi, ndipo pobwerera m'minibasi ndinatsimikiza kuti ndasiya.

Amene anandibweza ndi mayi wina wogwira ntchito m'chipinda chowerengeramo. Anandiuza kuti ndikufuna munthu wakuda m'nyuzipepala ya azungu, pomwe nthawi ya nkhondo boma linkatulutsanso nkhani m'Chinyanja kuti anthu akumudzi azimva za ana awo. Anandilangizanso kuti ndisamamatire kalembedwe ka dzina kamene ndikukadziwa, chifukwa makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mmene amvera. Mayi, dzina lanu sinditchula poti simunandilole, koma Mulungu akudziwani.

Ulendo wachitatu, tsiku lachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana, ndinafika pa mndandanda wa asilikali ophedwa, ovulala ndi osowa, wa kumapeto kwa 1944. Ndinatsetsereka ndi chala pang'onopang'ono. Pa gawo la osowa panali dzina la atate awo a agogo, lolembedwa ndi R pamene ife timalemba L, kenaka dzina la ubatizo la malume. Pambali pake panali nambala yoyamba ndi zilembo DN. Boma la kwawo analemba Cholo, mmene azungu ankalembera Thyolo, chifukwa usilikali analowera kumeneko. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake uthenga sunafike ku Dedza. Ndinakhala chete nthawi yaitali, manja akunjenjemera, mpaka mayi aja anabwera kudzandifunsa ngati ndili bwino.

Nambala ija ndiyo inatsegula zonse. Msilikali wina wopuma, amene anagwirapo ntchito ku Cobbe Barracks, anandifotokozera kuti DN chinali chizindikiro cha asilikali olembedwa ku Nyasaland. Achikulire, munandilandira pakhonde panu ngati mwana wanu, zikomo. Msuweni wanga amene akuphunzira ku Britain anaika nambalayo pa intaneti, pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda ndi mayina a asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Usiku womwewo anandiimbira akulira. Dzina linatuluka: King's African Rifles, anamwalira mu Novembala 1944, akukumbukiridwa pa Rangoon Memorial.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za kumene anafera, ndipo ndikufuna nanunso mudziwe, chifukwa mabanja ambiri kuno ali ndi munthu wawo kumeneko. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division, pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Mu 1943 anawoloka nyanja kupita ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Bambo wa 1946 uja sananame. Mu 1944, asilikali a Japan atagonja ku Imphal ndi Kohima, ku India, gululi linatumidwa kuwalondola kudzera m'chigwa cha Kabaw, mvula yamphamvu ya kumeneko ili pakati. Misewu inasanduka phala, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, malungo ndi matenda ena a m'tchire ankagwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Anayenda choncho, akumenya nkhondo m'mapiri ndi m'nkhalango yowirira, mpaka anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944. Malume athu anatsala m'njira, kutangotsala milungu yochepa kuti anzawo aone mtsinjewo.

Rangoon Memorial ili m'manda a asilikali a Taukkyan, kumpoto kwa mzinda wa Yangon. Inatsegulidwa mu 1958, ndipo pali mayina pafupifupi 27,000 a asilikali amene anafera ku Burma koma manda awo sadziwika. Tangoganizani: zaka zonsezi ife tikuwanena kuti mtchona, dzina lawo lili pamwala, anthu osawadziwa akutchetcha kapinga pansi pake.

Munthu wina wachifundo wa ku Yangon, amene msuweni wanga anamupeza kudzera mwa anzake, anapita kukajambula dzinalo, m'dziko lomwe nalonso lili pa mavuto aakulu masiku ano. Sitidziwana, sitimvana chilankhulo, ndipo anakana kulandira ngakhale ndalama yoyendera. Uthenga uwu mwina sadzauwerenga, komabe ndikumuthokoza pamaso pa inu nonse.

Chithunzicho ndinachisindikiza pa pepala lalikulu n'kupita nacho kumudzi. Agogo maso anayamba kuvuta, ndiye ndinawagwira chala n'kuchiyendetsa pa zilembo, chimodzichimodzi, ndikutchula. Anafunsa kuti, “Ndiye kuti sanatitaye?” Ndinati, “Iyayi agogo, anafera kunkhondo.” Anafunda chitenje kumutu nayamba kulira maliro, kulira kwenikweni, mpaka amayi a nyumba zoyandikana anathamangira kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Atamva, anakhala pansi n'kulira nawo. Madzulo ake a nyakwawa anabwera, ndipo pamaso pa anthu ananena kuti dzina la malume lisadzatchulidwenso monyoza m'mudzimo. A mfumu, pa mawu amenewo banja lathu likuti zikomo kwambiri.

Ndithokozenso akazi anga, amene sanadandaule ndalama ya feteleza itapita ku maulendo a ku Zomba. Mnzanga wa ku Chinamwali amene anandisunga maulendo onse atatu. Abwana anga amene ankandilola kuchoka pakati pa sabata. Ndi nonse amene munkafunsa agogo anu za Keyala n'kunditumizira zimene mwamva. Atatu mwa inu mwandiuza kale kuti nanunso muli ndi munthu wosowa wa nthawi imeneyo. Funsani akuluakulu mayina ake onse, la kubadwa, la ubatizo ndi la atate ake, komanso kumene ankagwira ntchito asanalowe usilikali. Mukapeza mendulo kapena kapepala kalikonse kokhala ndi nambala, musataye. Ku Zomba ndidzakuperekezani.

Tagwirizana kumanga chiliza pafupi ndi manda a mayi awo a malume. Tidzachivundukula Loweruka lachiwiri la Novembala, mwezi umene anamwalira, womwenso dziko limakumbukira asilikali ake. Abusa avomera kudzatsogolera mapemphero, ndipo anyamata a mganda ayamba kale kukonzekera. Agogo apempha chinthu chimodzi, kuti pachilizapo dzinalo lilembedwe ndi L, mmene mayi awo ankalitchulira. Nonse mwaitanidwa, nsima idzakwana.