Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: zaka zitatu m'timu ya ana

Paja tinalekezera pamene aKochi anandipeza kuseri kwa msika wa Lizulu ndikumenya chikulunga ndi anyamata, beseni la kachewere nditalisiya poteropo.

Timu ya mpira wamiyendo ya atsikana imene ananditengerayo inali ndi magulu awiri, ana ndi akuluakulu, koma bwalo limodzi lopendekera kudambo. Ife ana tinkayamba tikangoweruka kusukulu. Miyezi yoyamba sanandilole n'komwe kumenya kugolo. Ntchito inali kuimitsa mpira ndi mkati mwa phazi, kupatsira mnzako, kutembenuka, basi. Chikulunga chimafera pamwendo, koma mpira wachikopa unkandithawa. AKochi ankakuwa ali kutali: "Iwe mwana, ukuumenya ngati ukupha njoka bwanji? Ulandire ngati dzira!" Lachitatu linali tsiku la mwendo wamanzere. Wogunda ndi wamanja ankapita kumjigo kukatungira anzake madzi, ndipo ine ndinatunga kwambiri chaka chimenecho.

Koma chimene chinandisunga pa mpira si zimenezi ayi. Mwana aliyense ankapatsidwa achemwali ake m'timu ya akuluakulu. Anga anali otchinga kumbuyo, osalankhulalankhula. Ndi iwo anandipatsa nsapato zoyamba zampira, zazikulu moti kutsogolo ndinkaikako mapepala. Nditatha msinkhu ndinajomba sabata yathunthu, ndipo anandilondola kwathu. Tinakhala kuseri kwa khitchini, nandiuza mmene amadzitetezera akakhala kumwezi, nandisiyira kamisolo yothina yoti ndizithamanga momasuka. Zimenezi kochi wamwamuna sangakuuze. Atsikana ambiri amene ndinayamba nawo anasiya pa msinkhu womwewu, osati chifukwa chosowa luso. Ena manyazi, ena banja, ena anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito zapakhomo. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira mnzanga wina amene ankandiposa kutali pothamanga.

Ndili Fomu 1 amalume anati zakwana. Kwathu mawu a amalume ndi omaliza. "Mwana wa mlongo wanga azivala kabudula pagulu? Ngati n'zamasewera, bwanji osapita ku ntchemberembaye?" AKochi anabwera panjinga Loweruka m'mawa, nakhala pakhonde chipewa chili m'manja. Ine ndinali pamphasa ndi amayi, nkhope pansi.

"Bambo, mwanayu ndi wanu, ine ndangobwereka," anatero. "Teremu iliyonse muziona lipoti lake. Akalephera mayeso, ndimuchotsa ndekha."

Kenako anawafotokozera za Tabitha Chawinga, mtsikana wa ku Rumphi amene anayambira kusewera ndi anyamata, kenako timu ya DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo mu 2014 anapita ku Sweden. Amalume anangoti, "Tiona." Sanavomere, komanso sanakane. Lamulo la lipotilo linali la tonse, ndipo ndinaona ndi maso anga womwetsa zigoli wathu akukhala panja teremu yonse chifukwa cha masamu.

Kukwera kupita kwa akuluakulu kunali pang'onopang'ono. Poyamba unkachita nawo zokonzekera Lachisanu lokha. Kenako unkapita nawo kumasewera, koma kukanyamula madzi ndi majezi. Ndinkadandaula mumtima, osadziwa kuti pabenchi paja aKochi ankandiphunzitsa. Ankandikodola n'kufunsa, "Chigoli chija walakwitsa ndani?" Ukatchula goloboyi ankapukusa mutu, n'kukuonetsa wapakati amene anataya mpira poyamba.

Tsiku langa linafika mu June, ku Dedza, kukuzizira moti zala sizinkamanga zingwe za nsapato. Kutatsala mphindi 15 anati, "Vula juzi." Mpira woyamba umene ndinalandira, mayi wina wamkulu thupi anandigunda ndi phewa ndipo ndinagwa chagada. Anthu anaseka. Achemwali anga aja anandidzutsa ndi dzanja limodzi: "Dzuka, patsira msanga, usaugwiritse." Wachiwiri ndinaimitsa ndi wamanzere n'kupatsira. Sindinagoletse, tinafanana mphamvu 1-1.

Tinafika kwathu kutada. Amalume anali pamoto ndi wailesi yawo, wailesi yomweyo imene mu 2023 anadzamverapo ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, akugonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA. Usiku umene tinachokera ku Dedzawo sanandiyang'ane. Anangosonkhezera chikuni n'kufunsa, "Anakulowetsa?"

Gawo lotsatira ndidzakuuzani za bondo langa.