Kuperekeza agogo kukavota ku Bethel

Lachiwiri, 5 Novembala 2024

Ine kuno ku Bethel, m'chigawo cha Alaska, sindivota, pakuti sindine nzika ya America, komabe lero ntchito yandifikitsa pamalo oponyera voti. Agogo ena amene ndimawasamalira amafuna wowagwira mkono, poti njira yonse inali yoterera. Tatuluka cha m'ma 9 koloko kukadali mbuu, mphepo yochokera kumtsinje wa Kuskokwim ikuboola jekete.

Agogowa Chingerezi amangotolatola cha moni, chilankhulo chawo ndi Chiyupik. Titafika, mayi wina wogwira ntchito ya chisankho anawakokera mpando, natenga chitsanzo cha pepala lovotera cholembedwa m'Chiyupik, n'kuyamba kuwawerengera pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Pa mayina sanachedwe. Mary Peltola, mayi wa Chiyupik amene mu 2022 anakhala mbadwa yoyamba ya Alaska kulowa mu Congress, nyumba ya malamulo ya America, amamudziwa ngati mwana wa pamudzi. Atafika pa mafunso ndiye zinthu zinaima. Ndinawaona akugwira dzanja la mayi uja kuti abwereze, kenaka abwerezenso.

Apa mpamene pandigwira mtima. Kwathu ku Malawi pepala lovotera limakhala ndi nkhope ya munthu ndi chizindikiro cha chipani. Wosadziwa kuwerenga amangofuna tambala kapena chimanga n'kuchonga. Kuno kulibe zithunzi, ndipo kuwonjezera pa anthu amavoteranso malamulo. Funso loyamba la chaka chino likufuna kukweza malipiro ochepetsetsa kufika madola 15 pa ola pofika 2027. Lachiwiri ndiye msampha weniweni: likufunsa ngati achotse njira yosanja opikisana, woyamba, wachiwiri, wachitatu, imene anthu anaivomereza mu 2020. Amene akuikonda njirayo ayenera kuchonga "ayi". Tsono funso lotere mungalijambule chizindikiro chanji? Munthu akapanda kulimva m'chilankhulo chake, avotera chimene akudana nacho, n'kutuluka akumwetulira.

Masana pa nkhomaliro mnzanga wa kuntchito, wobadwira konkuno, wandiuza kuti mpando uja ndi pepala lija anachita kukazitenga kukhoti. Lamulo lokakamiza boma kuthandiza ovota m'zilankhulo zawo linalowa mu Voting Rights Act, lamulo la America loteteza ufulu wovota, mu 1975, koma lili ndi kamzere konena kuti chilankhulo chimene kale sichinkalembedwa chikhoza kungothandizidwa pakamwa, ndipo boma la Alaska linabisala pamenepo zaka zambiri. Akuluakulu a dera lino anasuma mu 2007. Ena a madera a Dillingham, Wade Hampton ndi Yukon-Koyukuk anasumanso mu 2013, ndipo mu 2014 woweruza Sharon Gleason anagamula kuti uthenga umene olankhula Chingerezi amalandira ufikenso kwa olankhula Chiyupik ndi Chigwich'in. Zaka 39 lamulo lilipo kale, tangoganizani.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti mayi womasulira uja anali yekha pa nthawiyo, ndipo agogo ena awiri anadikira pabenchi mpaka mmodzi anayamba kusinza.

Madzulo ndaphika nsima ya ufa woitanitsa ku Anchorage, ndiwo yake nsomba youma ya samoni imene banja la agogo linandipatsa. Wayilesi ya KYUK ikulankhula za chisankho, mawu ambiri sindikuwamva. Mawa ndilowa 7 koloko.