Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka chimene kolorokwini anasiya kugwira

Tinalekezera pamene bambo anatisamutsira ku Machinga, kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa. Kumeneko udzudzu sudikira kuti dzuwa lilowe. Malungo tinkangowatenga ngati chimfine: mwana akatentha thupi, amayi ankamasula ndalama pa mfundo ya chitenje n'kundituma ku golosale kukagula kolorokwini. Kuwawa kwake kunkakhala pakhosi tsiku lonse, ndipo ine ndikamwa ndinkadzikanda usiku wonse mpaka amayi kundipala msana ndi chitsononkho.

Mu 1992, chaka cha chilala chija, mlongo wanga wamng'ono anadwala. Anali ndi zaka zitatu, ine khumi ndi chimodzi. Tinam'mwetsa kolorokwini monga mwa nthawi zonse, anakhalako bwino masiku awiri, mpaka anapempha phala. Tsiku lachitatu anayamba kukomoka, maso atatembenuzika, mano atalumana. Agogo anati, "Awa si malungo, malungo amamva mankhwala. Pali munthu pamenepa." Bambo anam'bereka pa njinga kulowera kuchipatala, koma anabwerera ali chete, njinga akuikankha.

Mawu a agogo aja anatsala m'mudzi zaka zambiri. Panali agogo ena oyandikana nafe amene anthu anasiya kukapala moto kwawo. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa nanenso ndinkawathawa ndikakumana nawo ku mjigo.

Zoona zake ndinadzazimva nditakula. M'zaka zimene mlongo wanga anadwalazo madokotala ndi ochita kafukufuku ankayeza magazi a ana odwala, n'kuwayezanso atamwa mankhwala, ndipo ankapeza kuti tizilombo ta malungo tikadali momwemo. Tizilomboto tinali titazolowera kolorokwini. Zimene anapezazo zinafika ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuchotsa kolorokwini n'kuika Fansidar m'malo mwake. Chaka chimodzi chokha chitadutsa maliro a kwathu! Ndikaganiza zimenezi mtima umandiuza ziwiri: kuthokoza kuti boma linamvera anthu owerenga magazi aja, ndi kulira kuti nkhaniyo inatipeza mochedwa.

Fansidar ndinakumana nayenso ndili woyembekezera mu 2003. Ku sikelo anamwino ankatipatsa mapilisi atatu ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka umeze. "Tsegulani pakamwa, mayi," ankatero, poti ena ankabisa kunsi kwa lilime. Fansidar nayenso anadzafooka, ndipo mu 2007 kunabwera mankhwala a LA.

Chimene chinandidabwitsa ndi kafukufuku wa ku Ndirande amene anatuluka mu 2006. Anapeza kuti patatha zaka 12 anthu atasiya kolorokwini, mankhwalawo anayambanso kuchiza pafupifupi mwana aliyense amene anam'patsa. Tizilombo touma mutu tija tinali titatha. Komabe boma silinam'bweze, chifukwa m'maiko oyandikana nafe tizilomboto tinalipobe, ndipo udzudzu sufunsa chiphaso pa malire. Poyamba ndinakwiya nazo, koma pano ndikuona kuti anaganiza bwino.

Pa 23 April 2019 Malawi anayambanso kutsogola popereka katemera wa malungo wa RTS,S, kenako Ghana ndi Kenya, ndipo mu 2021 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti aperekedwe kwa ana a m'madera a malungo. Mdzukulu wanga atakwana miyezi isanu, mayi ake anayamba kukayika chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp. Sindinakangane naye. Ndinam'khazika pa mkeka n'kumufotokozera za malume ake amene sanawaonepo, za phala lija ndi njinga ija. M'mawa mwake tinapita tonse, ine nditanyamula buku la kuchipatala, iye atabereka mwana. Mlangizi wa zaumoyo anatikumbutsa kuti katemerayu ndi kanayi ndipo neti tisaisiye.

M'gawo lotsatira ndidzanena za ulendo wanga wokapepesa ku banja la agogo oyandikana nafe aja, iwo atamwalira kale.