Nyimbo za m'foni pamachira a ku fiyeta

Odwala ambiri amene ndimawasamalira ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, sagona n'komwe, ngakhale anthu amandidziwa ngati wogonetsa odwala. Ndine kiliniko ofisa, ntchitoyi ndinakaiphunzira ku Blantyre pachipatala cha Queen Elizabeth monga anzanga ambiri a m'zipatala za m'maboma. Kuno kwathu siza, phudzi ngakhale mwendo wothyoka timachita ndi jakisoni wa pamsana. Munthu amachita dzanzi kuyambira pamimba mpaka kumapazi, ululu osaumva, koma maso ali gwa, makutu ali tcheru. Amamva zitsulo zikugundana m'mbale, makina okoka magazi akulira, ndipo fungo la mnofu wopsa limamupeza anzanga akamatseka mitsempha ndi magetsi. Ululu timathana nawo ndi mankhwala. Mantha amatsala, ndipo wokhala kumutu kwa wodwalayo ndine.

Lolemba tinayamba ndi mayi wachitsikana wochokera ku chidikiro, mwana atagona chopingasa m'mimba. Anafika pamachira akunjenjemera mpaka mano kugundana, mtima ukugunda kupitirira ka 120 pa mphindi. Kuchidikiroko anzake anali atamuuza kuti jakisoni wa pamsana amapuwalitsa miyendo, ena n'kumati msana sudzasiyanso kuwawa. Akanakhala wodwala wina ndikanamubaya diazepam pang'ono kuti mtima ukhale m'malo. Koma mayi wa siza sitimupatsa mankhwala otere mwana asanatuluke, chifukwa amafika kwa mwanayo kudzera m'magazi a mayi, khanda n'kubadwa lolefuka, lopuma movutikira. Ndiye chotsala m'manja mwanga chimakhala pakamwa panga ndi foni ya gadiyani.

Ndinayamba ndi kumufotokozera, chifukwa nyimbo siyankha funso la munthu amene akuopa kulumala. Singano ikalowa pansi kwambiri pamsana, miyendo iyamba kutentha kenako kulemera, pakapita maola angapo dzanzi litha. Atagwedeza mutu ndinafunsa:

"Mayi, kunyumba mukamapeta kapena kuchapa mumakonda kumvera nyimbo zanji?"

Anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu. "Za kwaya yathu, adokotala. Zili m'foni ya amayi anga panjapo."

Asisita anakaitenga. Ndinamuveka hedifoni khutu limodzi lokha, linalo n'kulisiya kuti azindimva ndikamamuuza kuti aweramitse mutu, apinde msana, asagwedezeke. Posakhalitsa milomo inayamba kutsatira mawu a nyimbo, mapewa anatsika, ndipo jakisoni analowa bwinobwino. Amene sanabayepo pamsana sangadziwe kusiyana kwa msana wa munthu wouma ndi mantha ndi wa munthu womasuka: woyambayo mafupa amathinana, mpata wa singano n'kusowa. Hedifoni ndinaichotsa pamene mwana anali pafupi kutuluka, kuti kulira koyamba akumve yekha.

Zimenezi sindinaziyambitse ine ayi. Kale mu 1914 dokotala wina wa ku Pennsylvania ku America, Evan O'Neill Kane, analemba kuti ankaika galamafoni m'chipinda cha opaleshoni kuti mitima ya odwala ikhale m'malo. (Ndi yemweyu amene mu 1921 anadzichita yekha opaleshoni yochotsa apendikisi, ndiye kulimba mtima kwake musakutengere.) Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku 73 wa odwala pafupifupi 7,000, n'kupeza kuti amene anamvera nyimbo opaleshoni isanayambe, ili mkati kapena itatha anali ndi nkhawa yochepa, ululu wochepa, ndipo ankafuna mankhwala opha ululu ocheperapo. Ngakhale ogonetsedwa kotheratu anapindulako, kungoti osati ngati amene anali maso.

Lachiwiri linadutsa popanda chachilendo, kupatula kuti magetsi anathima pakati pa ndandanda ya maopaleshoni, tinadikira jenereta.

Lachitatu ndi limene ndakhala ndikuliganizira. Zolemba zambiri za nkhaniyi zimalangiza nyimbo zozizira, zoyenda pang'onopang'ono, kugunda kwake kwa pakati pa 60 ndi 80 pa mphindi, zopanda mawu. Ndinapempha anyamata obena nyimbo pamsika kuti andiikire zoterezi pa memore khadi, ndipo zambiri zimene anapeza ndi nyimbo za m'buku la kutchalitchi zoimbidwa ndi limba. Kwa odwala ena zimagwira ntchito. Tsikulo kunabwera agogo aamuna a phudzi, amene anasunga matendawo zaka zambiri poopa mpeni. Analibe foni, choncho wophunzira unamwino amene ali nafe mwezi uno anawayesera za pa khadi ija. Agogowo anamvetsera pang'ono, kenako anazula hedifoni n'kuiika pachifuwa.

"Mwana wanga, kodi ndafa kale?"

"Ayi agogo, bwanji?"

"Nanga imeneyi si ija timanyamulira bokosi popita kumanda?"

Tonse tinaseka, iwonso anaseka, koma anali atanena zoona. Kwathu kuno nyimbo yauzimu yoyenda mozizira munthu amaimva kwambiri pasiwa ndi panjira ya kumanda. Kumugoneka chagada, kumufunditsa nsalu, anthu ovala zophimba kukamwa atamuzungulira, kenako n'kumuikira nyimbo yoteroyo, mwamuuza uthenga umene simunafune kumuuza. Nditawafunsa zimene akufuna, anati za banjo ndi gitala zija zinkamveka pa wailesi ya MBC ali mnyamata. Woyeretsa zida wathu anali nazo m'foni. Nyimbo zothamanga, zoti malangizo aja sangazivomere, koma agogowo anatha opaleshoni yonse akugogoda zala pathabwa loikapo mkono, BP ili phee.

Ofufuza a mu The Lancet aja anapeza kuti kusankha yekha nyimbo kumawonjezera phindu pang'ono chabe. Ine pa zimene ndimaona kumutu kwa tebulo, sindingayerekeze kusankhira munthu. Mayi wachisilamu wa tsiku lomwelo anapempha kaswida. Ena amafuna ulaliki, mnyamata wina wothyoka mwendo mwezi watha anafuna nkhani za mpira, ndipo alipo amene amati, "Ingondisiyani ndipemphere," ndipo timawasiya.

Usiku wa Lachinayi anandidzutsa. Mayi wa mimba yokhala panjira ya mazira, njirayo itaphulika, magazi atadzadza m'mimba, maso atayera. Ameneyu jakisoni wa pamsana akanamugwetsera BP pansi penipeni, ndiye tinamugonetsa ndi ketamine, madiripi awiri akuthamanga, wina atathamangira magazi ku labu. Za nyimbo palibe anazikumbuka, ndipo n'zoyenera. Nthawi ngati imeneyi khutu langa limakhala pa kachipangizo kachikasu ka Lifebox kamene timapanitsa pachala. Kamalira nthawi iliyonse mtima ukagunda, ndipo mpweya wa okosijeni ukamachepa m'magazi kaliridwe kake kamatsika. Ndimamva kuti zinthu zavuta ndisanayang'ane n'komwe manambala.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi mnzanga wina wochita opaleshoni amene amakonda kuika sipika pawindo. Nyimbo ya m'khutu mwa wodwala ndi ya wodwala. Ya pa sipika ndi ya ife ogwira ntchito, ndipo imapikisana ndi kachipangizo kaja. Tinagwirizana kuti tikamawerenga ndandanda ya chitetezo cha odwala pa opaleshoni yochokera ku WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, imene inatuluka mu 2008, ndiponso asisita akamawerenga tinsalu topukutira magazi asanatseke pamimba, chilichonse chizikhala chozimitsa. Nthawi zina ndimachita kumukumbutsa. Wodzuka ku ketamine nayenso sindimuikira kalikonse, chifukwa mankhwalawa amabweretsa maloto oopsa, ndipo chimene amafuna ndi malo a zii. Mayi uja anachira; Lachisanu masana ndinamupeza atakhala tsonga akumwa phala.

M'mawa wa Lachisanulo tinali ndi kamwana ka zaka zitatu ka chithupsa chachikulu pantchafu. Ana sasunga hedifoni, amaizula. Ndinaveka mayi ake chovala cha ku fiyeta, n'kuwapempha kuti amufungate mpaka mankhwala agwire, azimuimbira imene amamugonetsera kunyumba. Poyamba anachita manyazi, mawu akutuluka monong'ona, mpaka asisita anawalandira nyimboyo. Sizachilendo kwa ife: kusikelo amayi amayamba ndi nyimbo asanakwere pa sikelo, ndipo m'mawodi amayi a Mvano kapena a Dorika akabwera kudzazonda odwala salephera kuimba. Pakhomo la ku fiyeta pokha ndi pamene timauza anthu kuti akhale chete, malo amene mantha ali ochuluka kuposa pena paliponse.

Alipo akatswiri enieni ochiza ndi nyimbo, ophunzira ntchitoyo mpaka digiri yachiwiri, monga ku yunivesite ya Pretoria ku South Africa. Iwo amakhala ndi wodwala, kuimba naye, kutsata mmene akupumira. Zanga n'zochepa poyerekeza ndi zimenezo: funso limodzi, foni ndi hedifoni.

Ndipo ngakhale zochepazo zili ndi mavuto ake. Pamsonkhano wa Lachisanu madzulo a matroni anadandaula kuti foni zochokera kumsasa wa magadiyani, zogona pansi ndi kugwiridwa ndi aliyense, zikulowa ku fiyeta. Sanalakwe. Tinagwirizana kuti foni izipukutidwa ndi sipiriti pakhomo, n'kuilowetsa m'gulovu yatsopano, ndipo izikhala kumutu kuseri kwa nsalu yotchinga, osayandikira bala. Hedifoni za wodwala mwiniwake ndizo zabwino. Zanga ndizipukuta pakatha wodwala aliyense. Pempho langa loti funso la nyimbo lilembedwe pa fomu yokonzekera opaleshoni anati aliona mwezi wamawa. Pakadali pano, ndikamazungulira m'mawodi madzulo kuona odwala a mawa, ndikatha kuwauza kuti asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, ndimauzanso gadiyani kuti atchaje foni.