Tsiku limene ndinasanduka Kurland wa pakampani pathu

Vuto langa ndi lakuti ndikawerenga kanthu kamene anzanga sakudziwa, pakamwa pamandiyabwa. Choncho tsiku limene abwana anafunsa pamsonkhano wa ogwira ntchito kuti tichite chiyani kuti anthu azisangalala pantchito, ndinaimirira msangamsanga n'kuyamba kufotokoza za ligi ya basketball ya makampani a ku America, yotchedwa National Industrial Basketball League, imene inayamba mu 1947.

Ndinawauza kuti kampani ya mafuta ya Phillips, ya ku Bartlesville ku Oklahoma, inali ndi timu yake ya Phillips 66ers, kampani ya matayala ya Goodyear ku Akron inali ndi Wingfoots, ndipo opanga mathirakitala a Caterpillar ku Peoria nawonso anali ndi yawo. Osewerawo anali antchito a kampani olandira malipiro a pamwezi ngati ife. Nditaona abwana akugwedeza mutu, ndinathira mchere: mu 1948 osewera asanu a Phillips, kuphatikizapo chimphona chotchedwa Bob Kurland, anapita ku London ndi timu ya dziko lawo n'kukapata mendulo ya golide pa Olympics. Chimene ndinabisa n'chakuti makampaniwo ankalemba dala ntchito akatswiri ochokera m'makoleji, anyamata ataliatali ngati mitengo ya bulugamu, pamene ine ndikafuna faelo ya pashelefu yapamwamba ndimayamba ndakwera pampando.

"Bambo, popeza mpirawu mukuudziwa ndinu, kaputeni mukhale inuyo," anatero abwana, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinalephera kuulula kuti mpirawo ndinali nditangouwerenga, sindinaugwirepo ndi dzanja.

Patatha milungu itatu, Loweruka masana, tinakumana ndi timu ya kampani ina. Jezi imene anandipatsa inandifika m'mawondo ngati diresi. Chigawo choyamba chonse sindinaukhudze mpira, koma ndinathamanga mokwanira moti pa nthawi yopuma ndinagona chagada pasimenti, makutu akulira, ndipo sindinamve pamene anzanga ankakumbutsana kuti tsopano matimu asinthana mbali.

Titangoyambiranso, mpira unandigwera m'manja mwangozi. Ndinatembenuka n'kuliyatsa liwiro, mpira ukudunda patsogolo panga, ndipo ndinadabwa kuona kuti adani onse akundipatukira ngati mmene anthu amapatukira mfumu ikamadutsa. Kumbuyoku anzanga ankakuwa kuti, "Akulu! Akuluakulu!" ndipo ine ndinkangoti akundichemerera. Nditafika pansi pa golo ndinatseka maso, ndinaponya ndi manja onse awiri, mpira n'kuzungulira kawiri pachitsulo chija kenaka n'kulowa bwinobwino. Ndinakweza manja kumwamba, ndinavina pang'ono, mpaka ndinaloza abwana ndi chala kuti aone chimene kaputeni wawo wachita. Amene anabwera kudzandikumbatira anali kaputeni wa timu inayo, akuseka mpaka misozi, ndipo woyimbira masewero anapereka mapointi awiriwo kwa iwo. Abwana anali atagwira kumutu.

Lolemba m'mawa ndinaitanidwa ku ofesi. Abwana anandifunsa modekha kuti ligi ya ku America ija inatha liti, ndipo ndinayankha ndi mawu apansipansi kuti mu 1961. Anawerenga pa zala n'kunena kuti iwowo anapirira zaka 14, koma yathu yathera pa Loweruka limodzi, ndipo jezi ndikabweze ku sitolo itachapidwa. Mpaka lero mlonda wa pageti akandiona amaimirira n'kupereka sawatcha, amvekere, "Mwadzuka bwanji, a Kurland?"