Zikomo nonse amene munandigwira dzanja nthawi imene ndinali kunja kwa kalasi

Abale anga a kuno ku Johannesburg ndi a kumudzi, ndabwerera m'kalasi. Chilolezo changa chogwirira ntchito chatuluka, koleji yandipatsa kontirakiti ya chaka chathunthu, ndipo zotsatira za mayeso a N4 zasonyeza kuti ambiri mwa ophunzira amene ndinawasiya panjira akhoza. Ambiri munandithandiza mwakachetechete, koma kuthokozaku ndikufuna kumveke poyera.

Kwa amene simudziwa, ndimaphunzitsa zamagetsi pa koleji ya TVET, yofanana ndi makoleji athu a ntchito zamanja monga Soche ku Blantyre. Nthawi imene ndinachoka m'kalasi, maphunziro a uinjiniya, omwe magawo ake ndi N1 mpaka N6, ankayenda miyezi itatu itatu. Kuti wophunzira aloledwe kulemba mayeso a boma, ayenera kukhala atapezeka m'kalasi 80 peresenti ya nthawi, ndipo malikisi ake a m'kati mwa teremu, omwe timawatcha ICASS, asachepere 40 peresenti. Ndiye mphunzitsi akasowa kwa mwezi umodzi wokha, silabasi yathawa, mayeso a ICASS sanalembedwe, mwana wa munthu wataya teremu yonse. Zimene zinkandisowetsa tulo zinali zimenezi, kuposa ngakhale za lendi.

Ife obwera, kontirakiti yathu imathera tsiku limene pemiti yathera. Pempho lokonzetsa pemiti ndinapereka nthawi isanakwane, mapepala onse ali m'malo, kuphatikizapo kalata ya SAQA yovomereza maphunziro anga a ku Polytechnic ndi ya SACE yosonyeza kuti ndine mphunzitsi wolembetsedwa. Yankho silinabwere. A ku ofesi ya koleji anati risiti yokha siyokwanira kundibwezera pa malipiro. Ndinapereka makiyi a wekishopu n'kubwerera kunyumba ku Turffontein, teremu ili pakati.

Woyamba kuwathokoza ndi bambo anzanga a ku wekishopu, achikulire a Chizulu amene anatenga kalasi yanga n'kuiphatikiza ndi yawo popanda wowawonjezera ngakhale randi imodzi. Mukukumbukira mmene 2023 inalili, magetsi kuthima pa stage 6 ya ndondomeko yozimitsa magetsi mosinthana, kawiri katatu pa tsiku. Tsono ganizirani kuphunzitsa zamagetsi opanda magetsi. Phunziro la star-delta, la mmene injini yaikulu ya magetsi imayambira pang'onopang'ono isanayambe kuthamanga ndi mphamvu zonse, silimveka pongojambula pa bolodi. Mwana ayenera kumva contactor, switchi imene imalumikiza magetsi ku injiniyo, ikulira kuti "kha", aone ina ikusiya pamene ina ikugwira. Bambowa anachotsa batire la galimoto yawo, n'kugula ma relay, timaswitchi togwira ntchito ngati contactor, a mavoti 12 ndi timababu kwa ogulitsa zipangizo za galimoto, n'kuzikhomera pa thabwa. Anandibweretsera thabwalo kunyumba Loweruka lina kuti tiliyese limodzi pa tebulo lodyera. Titadina batani, timababu titatu tinayaka mwa ziii, kenako relay inalira ndipo tinawala kwambiri. Lolemba lake analinyamula kupita nalo m'kalasi. Baba, ngiyabonga. Thabwa lanulo lili pa shelefu ndipo ndiziphunzitsira ngakhale magetsi alipo.

Ophunzira anga, inu munandisunga kuti ndisaiwale kuti ndine mphunzitsi. Ena mumachokera ku Orange Farm ndi ku Tembisa, kukwera matakisi awiri m'mawa, ndipo msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri timautchabe Bree, utaphulika mu July 2023 ulendo wodutsa m'tauni unatalika. Ndalama zanu za thiransipoti zinkachedwa, ena mumabwera osadya. Komabe gulu lathu la WhatsApp silinagone. Mtsikana wina ankanditumizira zithunzi za masamu ake a Electrotechnics pakati pa usiku, nthawi imene magetsi ayaka kwawo, pepala lili pa bondo, pambali pali kandulo imene sanaizimitse. Ndinkamuyankha ndi mawu ojambula, ndikunong'ona kuti ndisadzutse ana. Wakhoza bwino, ndipo ndamulonjeza kuti akamaliza N6 ndidzamuthandiza kufufuza kampani yokachitirako miyezi 24 ya ntchito imene imafunika kuti alandire dipuloma.

Apa ndinene zakukhosi. Ntchito imeneyi ili ndi zotopetsa zambiri: mafayilo a umboni wa ntchito ya wophunzira aliyense amene timadzaza mpaka usiku, makina a fotokope osowa inki sabata ya mayeso, ana ochuluka kulimbirana multimeter imodzi yoyezera magetsi, mapepala ochonga amene timapita nawo kunyumba m'jumbo. Zonsezi munthu amapirira. Chimene chimathyola msana ndi kuphunzitsa usakudziwa ngati teremu yamawa udzakhalapo. Ndaona anzanga odziwa ntchito, a kuno komweko ndi obwera, akusiya choko n'kupita kukamanga mawaya ndi ma solar m'nyumba za anthu chifukwa cha makontirakiti afupiafupi. Wovutika pamapeto pake ndi wophunzira amene amasinthidwa aphunzitsi phunziro lili mkati. Atsogoleri a makoleji akanaliganizira bwino vuto limeneli.

Mayi eninyumba, munadikira lendi popanda kunditchula kwa anansi kapena kundidulira madzi. Mulungu akudalitseni. Amayi a Mvano a ku mpingo kwathu, ufa, mafuta ophikira ndi nyemba zija zinafika tsiku limene m'nyumba munalibe kanthu. Achimwene a m'gulu lathu la chipereganyu, munandilola kulandira ine poyamba ngakhale sinali nthawi yanga, ndipo palibe anang'ung'udza. Alamu anga ku Mangochi, usipa umene munatumiza pa basi tinakautenga ku Park Station, ana anadya nsima mokondwa sabata imeneyo.

Amayi anga ku Ntcheu, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza atakwera, nthawi imene munkayenera kudalira ine, munandiimbira n'kunena kuti ndisatumize kanthu pa Mukuru mpaka zinthu zitakhala bwino, muthira manyowa. Ndinalira nditadula foni. Chaka chino feteleza wanu ndi woyamba pa ndondomeko yanga.

Mayi a kunyumba, amake ana anga, inu munasenza banja lonse ndi makina anu osokera. Munkasoka mayunifolomu usiku magetsi akayaka, m'mawa n'kuperekeza ana kusukulu, ndipo simunandiyankhulepo mawu ondichotsa ulemu pamaso pa ana. Zikomo kwambiri, mayi.

Nonse amene munandibwereka ndalama, mayina anu ndinalemba m'kope. Ndiyamba kubweza malipiro a mwezi uno akangolowa, kuyambira ndi lendi. Ndipo makolo a Chimalawi amene ana anu akuchita zamagetsi kapena masamu a N1 mpaka N4, Loweruka lililonse m'mawa ndizipezeka ku holo ya mpingo, kwaulere. Mwana abwere ndi kope, kakyuleta ndi mapepala a mayeso akale amene ali nawo.