Mwendo wa mpando

Ndinali ndi makanema okwana 200 GB oti ndiwasamutse kuchoka pa kompyuta yakale kupita pa yatsopano, ndipo Windows inandiuza kuti ndidikire maola asanu chifukwa mafayilo ankayenda pa 11 MB pa sekondi. Ndinaona ngati chipongwe, popeza makompyuta onsewo ndi a gigabit (netiweki ya pa chingwe ya liwiro la 1000 Mbps), yomwe ikamayenda bwino imapitirira 100 MB pa sekondi, choncho ndinaimitsa zonse n'kuuza mng'ono wanga kuti akhale pansi aonerere katswiri.

Ndinayambira pa MTU, komwe ndi kukula kwa paketi (kamtolo ka deta) iliyonse yodutsa m'chingwe. Mwachizolowezi imakhala 1500, koma poganiza kuti katundu womangidwa m'mitolo ikuluikulu amafika msanga, ndinaikweza kufika pa 9000 mbali zonse ziwiri, osafufuza n'komwe ngati kaswitch kanga kokalambako, kabokosi kolumikiza makompyutawo, kamalola mitolo yotere. Sikankalola. Ping, yoyesera ngati makompyuta akumvana, inkayankha mwaulemu ndithu, popeza timapaketi take n'tating'ono, koma fayilo yaikulu inkangoima osasuntha, moti 11 amene ndinamunyoza uja ndinayamba kumusowa.

Kwa masiku atatu ndinkagona mochedwa, ndikuzimitsa firewall (mlonda wa pa netiweki), kusintha madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) ndi kudina chilichonse chokhala ndi dzina loopsa. Ndikasokonezeka maganizo ndimakonda kuyedzamira kumbuyo n'kumagwedeza mpando, ndipo sabata imeneyo mpandowo unavutika kwambiri.

Tsiku lachinayi mng'ono wanga uja analoza pa sikirini n'kufunsa mwachifatse kuti, "Achimwene, bwanji apapa palembedwa 100 Mbps, osati 1000?" Tinatsatira chingwe mokwawa mpaka tinachipeza chitaphwanyika kuti phwatalala pansi pa mwendo wa mpando wanga womwewo. Gigabit imafuna mawaya onse asanu ndi atatu a m'chingwemo, pamene 100 Mbps, yomwe inkapereka 11 MB pa sekondi uja, imakhutira ndi anayi okha, kotero waya mmodzi atathyoka, zipangizozo zinangogwirizana zotsikira pa liwiro lochepalo popanda kundidziwitsa mwini wake.

Ndinaika chingwe china cha Cat5e, mtundu wokwanitsa gigabit, koma mafayilo sanasunthebe, chifukwa 9000 uja anali akadali pomwepo, ndipo zina zonse zimene ndinasintha sindinazilembe paliponse. Mnyamatayo ndiye anabwezeretsa zonse mmene zinachokera kufakitale, ine nditamupatsa mpando, ndipo makanema aja anawoloka pa theka la ola.